Mzere ukatsika pa galafu, kodi mitengo yatsika?

Funso: Ndimawerenga nkhani pa wailesi ya m'dera. Atatipatsa galafu ya inifulesheni yoonetsa mzere ukutsetsereka, ndinati "mitengo ya zinthu yatsika." Omvera anaimba foni mokwiya. Ndikanati chiyani?

Yankho: Omverawo musawadandaule, amagula okha shuga ndi sopo. Chiwerengero cha inifulesheni chimene a National Statistical Office ku Zomba amatulutsa mwezi ndi mwezi chimayeza liwiro limene mitengo ikukwerera poyerekeza ndi mwezi womwewo chaka chatha. Tinene kuti mzerewo wachoka pa 33 kufika pa 28 peresenti: katundu akudulirabe, kungoti osati mothamanga ngati kale. Minibasi yochokera ku Lilongwe ikachepetsa liwiro pa Dedza sikuti yatembenuka, ikulowerabe ku Blantyre.

Choncho nenani kuti "mitengo ikukwerabe, koma liwiro lake lachepako." Mphamvu yonse ya chiganizochi ili pa -be ndi -ko, mukazichotsa, mwanamiza anthu. Enanu mumakonda kunena kuti "kukwera mitengo kwatsika." Sikulakwa kwenikweni, koma khutu la womvera limangotola "mitengo" ndi "kwatsika," basi. Ine sindikulimbikitsani. Mneni "kutsika" musungireni nyengo yokolola, pamene thumba la chimanga latchipadi pamsika.

Funso: Pa tchati pali mizati iwiri, wina ndi wautali kawiri kuposa unzake. Ndingalembe kuti chiwerengero "chawirikiza kawiri"?

Yankho: Musanalembe, yang'anani manambala a m'mbali kumanzere. Ngati akuyambira pa 90 m'malo mwa 0, mzati wa 100 uoneka wautali kawiri kuposa wa 95, chonsecho kusiyana kwake ndi 5 yokha. Pamenepo "chakwera pang'ono" akukwanira. "Kuwirikiza kawiri" n'kuchoka pa 50 kufika pa 100.

Samalaninso kuti chakwera kapena chagwa n'chiyani. Mu November 2023 Reserve Bank of Malawi itasuntha mtengo wa dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, tonse tinati "kwacha yagwa ndi 44 peresenti." Mukawerengetsa bwino, dola ndi imene inakwera mtengo ndi 44 peresenti, kwacha inataya mphamvu pafupifupi 30 peresenti. Chiganizo chosakayikitsa n'chakuti "dola yakwera mtengo ndi 44 peresenti," ndipo mukatchula mitengo iwiri ija, womvera adziwerengera yekha.