Kodi Boma Lili ndi Ufulu Wosintha Ubongo wa Mkaidi?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti anamva kuti mu 2024 dziko la Madagascar linakhazikitsa lamulo lolola kufula anthu ogwirira ana, ndiye akufunsa kuti: ngati alipo mankhwala kapena opaleshoni yosintha maganizo a munthu woipa kuti asadzalakwenso, choletsa n'chiyani? Bwanji kumudyetsa m'ndende zaka zambirimbiri, n'kudzamutulutsa ali yemwe uja?

Mayi, mkwiyo wanuwo ndikuumva, ndipo mwana amene wagwiriridwa ndiye woyamba kumuganizira. Koma pa zimene mwatchulazo ndimavomereza mbali imodzi yokha.

Tiyambe ndi jekeseni. California inali dera loyamba ku America kuika m'malamulo, mu 1996, kuti wogwirira ana kachiwiri azibayidwa akamatuluka m'ndende. Mankhwala ake ndi medroxyprogesterone, Depo yemweyu amene amayi amabayitsa kusikelo polera, koma mwamuna amapatsidwa wochuluka. Amagwira ntchito kudzera m'ubongo: amatseka uthenga umene umalamula thupi kupanga homoni yachimuna yotchedwa testosterone, chilakolako n'kutsika. Akasiya kubayitsa chimabwerera. Akabayitsa nthawi yaitali mafupa amafooka, thupi limanenepa, ena amadwala matenda okhumudwa. Komanso jekeseniyu amangothandiza pamene gwero la mlandu ndi chilakolako chosalamulirika. Amene wagwirira chifukwa cha nkhanza, kapena chifukwa sing'anga anamuuza kuti akatero alemera, mutu wake ukhala uli momwemo ngakhale mumubaye mwezi ndi mwezi.

Nkhani imene imandivuta kwambiri ndi ya chilolezo. Ambiri amati palibe vuto ngati mkaidi wavomera yekha. Zimenezi zinayesedwapo kale ku Michigan, ku America, mu 1973. Kunali bambo wina, m'khoti ankangomutchula kuti John Doe, amene anatsekeredwa m'chipatala cha boma cha Ionia kwa zaka zoposa 17 pa mlandu wopha ndi kugwirira mtsikana wophunzira unamwino. Madokotala a ku Detroit anafuna kumulowetsa timawaya m'mutu kuti ngati n'kotheka awononge kagawo ka ubongo kotchedwa amygdala, kamene kamakhudzana ndi mantha ndi ukali. Iye anasaina. Makolo akenso anasaina. Loya wina, Gabe Kaimowitz, atamva anakasuma. Mlandu uli mkati, khoti linapeza kuti lamulo limene linamutsekera linali losemphana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo anamasulidwa. Atangoona kuti khomo latseguka, anakana opaleshoni ija. Oweruza atatu anagamula kuti munthu wotsekeredwa mokakamizidwa sangapereke chilolezo chenicheni pa opaleshoni yoyeserera ya ubongo. Siginecha ija sinali yofuna kuchira ayi, inali yofuna kutuluka.

Ndiye pali funso lakuti amene akusankha khalidwe lofunika "kuchizidwa" ndani. Mu 1952 khoti la ku England linapeza Alan Turing, katswiri wa masamu amene anathandiza kumasula mauthenga achinsinsi a asilikali a Germany pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndi mlandu wogonana ndi mwamuna mnzake wa zaka 19. Anamuuza asankhe ndende kapena mankhwala a mahomoni achikazi. Anasankha mankhwala, anamera mabere, ndipo anamwalira mu 1954. Boma linapepesa mu 2009, Mfumukazi Elizabeth inamukhululukira mu 2013. Kaya inu mumaiona bwanji nkhani ya mlandu wake, onani kuti chida chimene lero tikuchifunira wogwirira ana, boma lina linachigwiritsa pa munthu amene sanakakamize aliyense. Zaka za ndende zimatha, khoti la apilo limatha kumasula wosalakwa. Kagawo ka ubongo kakawonongedwa sikamera.

Musaganize kuti ndikukana chithandizo chonse. Madokotala a ku Virginia, ku America, analemba mu 2003 za mphunzitsi wina wa zaka 40 amene mwadzidzidzi anayamba kulakalaka ana. Atatsala pang'ono kupita kundende anadandaula mutu, ndipo atamuunika anapeza chotupa kutsogolo kwa ubongo, pamwamba pa diso. Atachichotsa khalidwe lija linatha. Litayambiranso, anapeza kuti chotupa chameranso. Apa palibe amene angatsutse opaleshoni, chifukwa panali matenda ooneka, ndipo akanamuchita opaleshoni yomweyo ngakhale akanakhala wopanda mlandu.

Pamenepo ndi pamene ine ndimaika malire. Ngati dokotala wapeza vuto lenileni, mankhwala ake ndi oti akhoza kusiyidwa, munthu wafotokozeredwa kuipa kwake, ndipo akakana zaka zake za ndende sizionjezeka, mpatseni, pamodzi ndi uphungu. Alipodi amuna amene amadana ndi maganizo awo omwe ndipo amachita kupempha jekeseniyu. Kuwamana ndi nkhanzanso. Koma woweruza akalemba mankhwala ngati chilango, wachita ntchito ya dokotala asanamupime munthuyo, ndipo dokotala wasanduka womenya zikoti.

Mkanganowu sunathe. Mu 2025 nduna ya zachilungamo ku Britain panthawiyo, Shabana Mahmood, inalengeza kuti mankhwala otsitsa chilakolako afikitsidwa m'ndende 20, ndipo inati ikuganizira ngati angakhale okakamiza. Boma la Britain likatero lidzakumana ndi zimene Indonesia inakumana nazo mu 2016: Pulezidenti Joko Widodo atasaina lamulo la jekeseni kwa ogwirira ana, bungwe la madokotala a dzikolo linanena poyera kuti mamembala ake sabaya munthu ngati chilango, chifukwa kutero n'kuphwanya lumbiro lawo.