Mukufuna kuwomba nsalu pakhomo? Loom ya kunja iyambe yadikira

Mayi wina wandilembera imelo, akuti ana anakula anachoka pakhomo, masana amangokhala ndiye akufuna ayambe kuwomba nsalu ngati amene amawaona pa YouTube. Funso lawo ndi loti auze mwana wawo amene ali ku UK awatumizire loom, ndiye kuti chowombera nsalu, kapena ayi, komanso ngati angathe kumadziwombera okha zitenje.

Mayi, ndiyambe ndi za chitenjezo kuti tisanamizane. Chitenje simungawombe pakhomo. Maluwa ndi mizere mumaona pa chitenje ija amachita kudinda pamwamba nsalu itawombedwa kale, ndipo ulusi wake ndi wochepa zedi, pa sentimita imodzi pamadutsa timaulusi toposa 20, imeneyo ndi ntchito ya makina ngati a ku David Whitehead ku Blantyre. Loom ya manja imene ambiri amayambira, ija amati rigid heddle, imakupatsani ulusi 3 mpaka 5 pa sentimita. Ndiye nsalu yake imatuluka yokhuthala, ya sikafu, yoyala patebulo, zikwama, makushoni, tikapeti ta pakhomo. Zokongola kwambiri koma si zomanga m'chiuno ayi.

Za loom ija ine ndikuti mwanayo asaigule kaye. Za kampani ya Ashford zochokera ku New Zealand ndi zabwinodi, vuto ndi loti mukawonkhetsa mtengo wake, kutumiza ndi msonkho ndi ndalama zambiri pa chinthu choti simunadziwe ngati msana ndi mtima wanu zigwirizane nacho. Pitani kwa kalipentala akukhomereni felemu ya matabwa anayi, masentimita 50 uku 70 uku, akhome misomali ing'onoing'ono m'mwamba ndi m'munsi motalikirana sentimita imodzi. Basi mwapeza chowombera.

Ulusi woyimirira, umene mumakoleka pa misomali kukwera kutsika, ndi umene umanyamula nsalu yonse ndiye pamenepa osaumira. Ukhale wa thonje, wopota bwino, woti mukaukoka ndi manja awiri usaduke msanga. Wulu wolukira majuzi musauike pamenepa, amatamuka, lero mwamanga bwinobwino mawa mupeza walendewera. Mukamaliza kukoleka yendetsani chikhatho pamwamba pake, paliponse pamveke chimodzimodzi, pakakhala umodzi wolobodoka konzani pompo chifukwa ukawombedwa sumakonzekanso.

Wopingasa ndiye ndi ufulu wanu. Wulu uja apa ndi pake, olo kumasula juzi ya pa kaunjika. Koma chimene ndimachikonda ine ndi zidutswa za chitenje zija atelala amangosesa madzulo, kazipempheni, muzidule timizere ta masentimita awiri. Mukaziwomba maluwa aja amasweka n'kusanduka timadontho ta mitundumitundu toti simungatiyerekeze musanaone. Kuti musamatole ulusi umodziumodzi, lowetsani rula yathabwa pansi, pamwamba, pansi, pamwamba mpaka kutsidya, mukaiimika chammbali imatsegula mpata n'kudutsitsa ulusi kamodzin'kamodzi. Pobwerera mutola ndi zala kaye. Potsendereza foloko ya kukhitchini kapena chipeso cha mano akuluakulu zimakwana.

Tsopano apa mvetserani, ndi pamene ambiri amagwera ulesi. Muyamba nsalu ili yotambalala bwino, mukamafika pakati mupeza yalowa m'chiuno ngati mavu. Chimachititsa ndi kukoka ulusi wopingasa kuti uwongoke. Ulusiwo suyenda mowongoka, umakwera n'kutsika pa unzake uliwonse ndiye umafuna utali woposa m'lifupi mwa nsalu, mukaumana umakoka m'mphepete. Muziugoneka mopendeka kapena mokhota pang'ono, gwirani m'mphepete ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala kuti pasafinyike, kenako mutsendereze ndi foloko kuyambira mbali imene ulusi wachokera. Muziyeza ndi tepi pafupipafupi, maso amanama. Ndipo mukaichotsa pa felemu mangani mfundo ulusi uwiriuwiri, ichapeni m'madzi ofunda, thonje limabwerera ndiye musadabwe ikafupika pang'ono.

Mwina mukuona ngati mukuyamba za azungu. Ayi ndithu. David Livingstone atafika ku chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba m'midzi mwawo, amuna ndi amene ankawomba, ndipo nsalu yawo ya machila inkagulitsidwa mpaka ku Zambezi. Chowombera chawo chinali mitengo yozika pansi basi. Nsalu zotchipa zochokera kunja zitachuluka luso lija linazilala, ndipo zimandipweteka kuti thonje tikulimabe ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima koma kupeza agogo odziwa kuwomba n'kovuta.

Ngati muli kufupi ndi Blantyre kafunseni ku Bangwe Weaving Factory ya MACODA, bungwe loona za anthu aulumali lija kale tinkati MACOHA, ngati angakuloleni kuona amisiri akuwomba pa loom zikuluzikulu, muone mmene amaponyera ulusi ndi mmene amasamalira m'mphepete. Mukawomba timphasa tapatebulo tingapo toti m'mphepete mwawongoka ndipo felemu yayamba kukucheperani, pamenepo muuzeni mwana uja. Mumuuze ya masentimita 60, imakwana sikafu ndi kushoni yomwe, ndipo atumize limodzi ndi heddle yachiwiri, chija chonga chipeso chodutsamo ulusi woyimirira, ya mano ang'onoang'ono kuti asadzalipirenso kutumiza kawiri.