Kwa achemwali amene munajambulidwa X-ray musanadziwe kuti muli ndi pakati

Achemwali, mwati anakujambulani pachifuwa chifukwa cha kutsokomola kosatha, kenako n'kudzazindikira kuti munali kale ndi pakati, ndiye wina wakuuzani kuti mwanayo adzadwala khansa ya m'magazi. Mtima m'malo. X-ray imodzi ya pachifuwa si chifukwa chosowera tulo, ndipo asapezeke wokunamizani kuti muchotse mimbayo.

Mphekeserayi ili ndi pochokera ndithu. Mu 1956 dokotala wina wa ku Oxford ku England, mayi Alice Stewart, anafunsa amayi a ana omwalira ndi khansa komanso amayi a ana athanzi, n'kupeza kuti ana amene anajambulidwa ali m'mimba ankadwala khansa mowirikiza pafupifupi kawiri. Kafukufukuyo atakula, zinaoneka kuti chiopsezo chinkakwera ndi 40 peresenti. Koma taonani mtundu wa X-ray zake: ankalunjika pamimba penipeni, makamaka miyezi yomaliza, poyeza ngati mwana adutsa bwino m'chiuno kapena poona ngati ali mapasa. Mwana ankalandira cheza cha X-ray cha pafupifupi 10 mGy (mGy ndi muyezo wa kuchuluka kwa cheza cholowa m'thupi). Pojambula pachifuwa, cheza chofika pachiberekero sichikwana ngakhale 0.01 mGy. Yerekezani thumba la mchere ndi kamchere kotsina ndi zala. Ndiponso khansa ya m'magazi mwa ana ndi yosowa, imagwira mmodzi mwa ana oposa 1,000, moti ngakhale ana a nthawi ya mayi Stewart ochuluka zedi anakula bwinobwino.

Mukamapita ku sikelo mutenge buku lanu la kuchipatala, muuze azamba tsiku limene munajambulidwa, mbali imene anajambula ndi tsiku limene munasamba komaliza, alembe. Ikanakhala CT (X-ray yamphamvu imene makina amajambula mozungulira thupi) ya pamimba kapena m'chiuno bwenzi ndikuti mukhale pansi ndi dokotala, poti cheza chake n'chochuluka. Sikani ija yopaka mafuta ozizira pamimba musaiope, imagwiritsa ntchito mafunde a mawu, ilibe cheza.

Ine chikundidetsa nkhawa ndi chifuwacho, chimene simunatiuze kuti chinatha bwanji. Zotsatira munakatenga? Makhololo anayeza? TB yosachizidwa imafooketsa mayi, mwana amatha kubadwa masiku asanakwane kapena wochepa thupi, pomwe mankhwala ake amamwedwa ngakhale muli oyembekezera. Ngati mukutsokomolabe, kutuluka thukuta usiku kapena kuwonda, musadikire tsiku la sikelo, pitani mawa lomwe, ndipo mukangolowa nenani kuti muli ndi pakati.