Mendulo za golide za ankhonya: chodula ndi dzina

Funso: Ndimakonda nkhonya ndipo ndikufuna kuyamba kutolera mendulo za golide zomwe akatswiri anapata asanayambe nkhonya zolipidwa. Wina pa intaneti akundigulitsa ya ku Olympics, akuti ndi golide yekhayekha. Kodi ndalama zanga zingabereke pamenepa?

Yankho: Bambo, mawu oti "golide yekhayekha" akuchenjezeni kale. Mendulo zotero anasiya kupereka pambuyo pa masewero a ku Stockholm mu 1912. Za masiku ano ndi siliva, golide amangokutira pamwamba, magalamu 6 basi. Mutati muisungunule, mungalire.

Chomwe chimakweza mtengo ndi khosi lomwe mendulo inavalidwa. Wladimir Klitschko anapambana golide ku Atlanta mu 1996, ndipo mu 2012 anagulitsa menduloyo pa okushoni pa mtengo wa madola 1 miliyoni pofuna kuthandiza ana. Wogulayo anangomubwezeranso mwini wake! Apa munthu analipirira dzina la mfumu ya heavyweight, gulu la ankhonya olemera kwambiri. Mendulo ya mnyamata yemwe anapambana mpikisano wa m'dera n'kusiya nkhonya mutha kukhala nayo zaka zambiri osapeza woifunsa mtengo.

Vuto lalikulu ndi umboni, chifukwa kawirikawiri dzina la wopambana silikhala pa mendulo. Taonani ya Muhammad Ali, yomwe anapata ku Rome mu 1960 akadali Cassius Clay. Inasowa. Nkhani yoti anaiponya mu mtsinje wa Ohio anthu amakanganabe nayo, ndipo mu 1996 anamupatsa ina yolowa m'malo. Wina atakubweretserani "yoyambayo" lero, mungatsimikize bwanji? Chimodzimodzi mayina ngati Teófilo Stevenson wa ku Cuba, yemwe anapambana katatu, 1972, 1976 ndi 1980. Dzina likakula, akamberembere nawo amachuluka.

Choncho musatumize kalikonse musanaone kalata ya wankhonyayo kapena banja lake, ndi mndandanda wa manja onse omwe mendulo yadutsamo. Iyezedwe pa sikelo, chifukwa kulemera kwa mendulo za chaka chilichonse n'kodziwika. Muwerengerenso komishoni ya a okushoni, yomwe imadya pogula ndi pogulitsa pomwe.

Ine sindingaikepo mpamba wa bizinesi. Mendulo siibala chiwongoladzanja, ndipo tsiku lomwe mwapanikizika wogula sapezeka. Ngati mtima wakana kusiya, gwiritsani ndalama yomwe simuifuna msanga. Koma wa pa intanetiyu, mufunseni kaye kuti ndi ya chaka chiti. Akatchula chaka chilichonse chopitirira 1912, musiyeni.