Mafunso Anu: Kodi Mpagani Wopembedza Yekha Amachita Zotani Kunyumba?

Makalata amene tikuyankha ulendo uno ndi okhudza Apagani a masiku ano, anthu amene anatsitsimutsa kupembedza milungu yakale ya ku Ulaya ndi ku Iguputo, ndipo amalemekeza dzuwa, mwezi, nthaka ndi nyengo. Ofunsa ambiri akufuna kudziwa za aja amene sali m'gulu lililonse.

Akonzi, ndamva kuti Apagani ambiri alibe kachisi, alibe wansembe, ndiponso sasonkhana. Nanga munthu ali yekha m'chipinda amatani kuti tinene kuti wapembedza? — T.M.

Poyamba sizinali choncho, a T.M. Pamene Gerald Gardner ankayamba kulankhula poyera za Wicca, chimodzi mwa zipembedzo za Apagani, ku England, lamulo lakale loletsa za ufiti litangochotsedwa mu 1951, munthu ankachita kulowetsedwa ndi kagulu kotchedwa coven, kamene mwamwambo sikapitirira anthu 13. Zinasintha mabuku atachuluka. Buku la Scott Cunningham la mu 1988 linafala kwambiri chifukwa linanena mosapita m'mbali kuti munthu angathe kudzipereka yekha kwa milungu popanda womulowetsa. Kafukufuku wa Helen Berger, katswiri wa ku America wa za chikhalidwe cha anthu, anasonyeza kuti opembedza okha ndiwo ochuluka kuposa a m'magulu. Pa kalembera wa 2021 ku England ndi Wales, anthu pafupifupi 74,000 analemba kuti ndi Apagani, enanso 13,000 analemba kuti ndi a Wicca.

Koma si onse amodzi. A Wicca amapembedza mulungu wamkazi ndi wamwamuna. A Heathen amalemekeza Odin, Thor ndi Freyja. Ena amatsata milungu ya Agiriki monga Hestia ndi Athena, ena ya ku Iguputo, ndipo a Druid amakonda mitengo, akasupe ndi ndakatulo.

Chimene chimawagwirizanitsa ndi kamwambo kakang'ono kobwerezabwereza. Ka m'mawa kamatenga mphindi zisanu: munthu amasamba m'manja, n'kuima patsogolo pa guwa lake, kuyatsa kandulo, kutchula dzina la mulungu kapena la kholo limene akulilemekeza, kuthira madzi m'kambale, kukhala chete akupuma mofatsa maulendo khumi, kuthokoza, kenako kuzimitsa kandulo. Basi. Oyamba kumene ambiri amagwa chifukwa chofuna zazikulu. Amakopera m'buku mwambo wa ola lathunthu umene unalembedwera anthu khumi, aliyense ndi mbali yake, n'kumayesa kuuchita okha pepala lili m'manja. Pakatha masabata awiri atopa, ndipo popeza palibe wowafunsa kuti dzulo munali kuti, amangosiya mwakachetechete. Mwambo wa munthu mmodzi uyenera kukhala waufupi moti angauloweze pamtima ndi kuuchita ngakhale tsiku limene wadzuka mochedwa.

Mnzanga amene ndimakhala naye nyumba imodzi ali ndi kashelefu ka makandulo, miyala ndi mbale ya mchere. Akuti ndi guwa. Kodi chilichonse chili ndi ntchito yanji, ndipo sadzatiotchera nyumba? — Mayi R.

Guwa la a Wicca nthawi zambiri limaimira zinthu zinayi zimene iwo amati ndizo zimapanga dziko. Mchere kapena mwala umaimira nthaka, ndipo malo ake ndi kumpoto. Zofukiza kapena nthenga zimaimira mpweya, kum'mawa. Kandulo ndi moto, kum'mwera. Chikho cha madzi chimakhala kumadzulo. Ena amaonjezera kafano kapena chithunzi cha mulungu wawo, kambale kojambulidwa nyenyezi ya nsonga zisanu, ndi mpeni wa chigwiriro chakuda wotchedwa athame. Mpeniwo sadulira kanthu, ndi wolozera chabe, ndipo ambiri saunola n'komwe. Wokhala ku Britain ndi bwino auleke kunyumba, chifukwa lamulo la kumeneko sililola kuyenda ndi mpeni pagulu popanda chifukwa chomveka, ndipo kukafotokoza za chipembedzo kupolisi si kocheza.

Za motozo nkhawa yanu ndi yomveka, mayi, ndipo apa tikhalitsapo chifukwa ndi pamene ngozi zenizeni zimachitikira. Shelefu ndi malo oipa kwambiri oyatsirapo kandulo ngati pamwamba pake pali shelefu ina. Lawi limaoneka laling'ono koma kutentha kumakwera molunjika n'kumawaula thabwa pang'onopang'ono. Pamwamba pa kandulo payenera kukhala mpata wa mita imodzi, ndipo makandulo atalikirane masentimita 10, apo ayi amasungunulana n'kupendama. Chingwe chake chidulidwe kuti chitsale mamilimita 5 kapena 6. Chikatalika chimapindika, chimafuka mwaye, lawi n'kumavina. Timakandulo tating'ono ta m'tizitini timayaka pafupifupi maola anayi, ndipo kachitiniko kamatentha mpaka kusungunula pulasitiki, choncho tisaikidwe pa nsalu ya paguwa popanda mbale yadothi pansi.

Pali chizolowezi china chodzoza kandulo mafuta n'kuigubuduza m'masamba ouma. Chimaoneka bwino m'maso, koma phula likasungunuka tsamba lililonse limasanduka chingwe china, ndipo kandulo yonse imabuka nthawi imodzi. Zikatero musathire madzi, chifukwa phula loyaka limathetheka n'kumwazikira paliponse. Vundikirani ndi chivundikiro cha poto kapena thirani mchenga.

Zofukiza za utomoni, monga lubani, zimafuna kakala kozungulira kogulitsidwira ntchito imeneyi. Kamagwiridwa ndi chopanira, kuyatsidwa m'mbali, n'kuikidwa pa mchenga wokuya masentimita 5 m'mbale yosasweka ndi moto. Dikirani mphindi zingapo mpaka katayera phulusa, ndiye muikepo timibulu tiwiri kapena titatu. Mukathira wambiri mumazimitsa kalako, ndipo utsi umanunkha chowauka. Kalako kamakhalabe kotentha kwa ola limodzi kapena kuposa, ngakhale kakuoneka ngati kazima, ndiye kasatayidwe m'bini ya mapepala. Zenera likhale lotsekula.

Chomaliza chimene anthu amadabwa nacho: mpira wagalasi umene ena amayang'anamo pa miyambo yawo, ukasiyidwa pawindo umasonkhanitsa kuwala kwa dzuwa mpaka kuyatsa katani. N'chifukwa chake eni ake amauphimba ndi nsalu yakuda. Ngati mwini nyumba saloleza moto, kandulo ya batire imakwanira, ndipo Apagani ambiri saona vuto pa zimenezo.

Kodi "kuzungulira bwalo" kumene a Wicca amachita asanayambe mwambo n'kutani? — Wophunzira

Ndi njira yopatulira malo wamba kuti akhale opembedzerapo kwa kanthawi, popeza kachisi palibe. Bwalo la gulu mwamwambo limakhala la mafiti 9 kudutsa pakati, omwe ndi pafupifupi mamita 2.7. Munthu mmodzi amangofuna poti angatambasule manja ndi kutembenuka osagunda kandulo.

Amayamba n'kusesa, ndi tsache lenileni, kenako amasonkhanitsa zonse zofunika mkati, chifukwa bwalo likatsekedwa sayenera kumatulukatuluka. Machesi ndiwo amaiwalika kawirikawiri. Amatsina mchere katatu n'kuthira m'madzi, kuudalitsa, n'kuwaza m'mphepete mwa bwalo. Amazunguliranso ndi zofukiza. Kachitatu amazungulira ataloza pansi ndi mpeni uja, ndodo, kapena chala, akuganizira mzere wowala umene ukutsalira m'mbuyo mwake. Akatero amaima mbali iliyonse, kuyambira kum'mawa, n'kuitana mpweya, moto, madzi ndi nthaka, kenako milungu. Pakati pa mwambo m'pamene pamabwera chimene wadzera: pemphero, kusinkhasinkha, kuthokoza, kapena kupempha kanthu. Amamaliza ndi kudya kachidutswa ka buledi ndi kumwa pang'ono, n'kutsanzika zonse zimene anaitana, kuyambira chomaliza kubwerera m'mbuyo.

Chakudyacho musachione ngati chokongoletsa. Munthu amene waima nthawi yaitali mu utsi, akupuma mozama, mwina asanadye, amachita chizungulire. Ena amayesa kuti ndi mphamvu ya mwambo, pamene ndi njala ndi kuchepa kwa mpweya wabwino.

Mbali yozungulirira imavutitsa a kum'mwera kwa dziko lapansi. Mabuku ambiri analembedwa ku Britain ndi ku America, kumene dzuwa limadutsa chakum'mwera, choncho kutsata dzuwa n'kuyenda monga mivi ya wotchi. Ku Australia ndi New Zealand dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye ambiri kumeneko amazungulira mosemphana ndi wotchi, n'kuika moto kumpoto, nthaka kum'mwera. Dziwaninso kuti bwaloli ndi la a Wicca makamaka. Wotsata milungu ya Agiriki amangosamba m'manja ndi madzi opatulidwa n'kuyamba ndi Hestia, ndipo a Heathen ambiri sachita bwalo.

Maholide awo ndi ati? — J.K.

Otchuka ndi asanu ndi atatu, otalikirana pafupifupi masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. Kumpoto kwa dziko Samhain amakhala pa 31 Okutobala, nthawi yokumbukira akufa. Yule ndi cha pa 21 Disembala, usiku wautali koposa m'chaka. Imbolc ndi pa 1 kapena 2 Febuluwale, Ostara cha pa 20 Malichi, Beltane pa 1 Meyi, Litha cha pa 21 Juni, Lughnasadh pa 1 Ogasiti, ndipo Mabon cha pa 22 Seputembala. Anayi otsata dzuwa, omwe ndi Yule, Ostara, Litha ndi Mabon, amasuntha ndi tsiku limodzi kapena awiri chaka ndi chaka, choncho muyenera kuona pa kalendala. A kum'mwera amatembenuza zonse ndi miyezi isanu ndi umodzi, moti Yule amagwa mu Juni. Wongokopera masiku a m'buku amapezeka akukondwerera chisanu thukuta lili kamukamu.

Palibe mtundu wakale umene unkasunga onse asanu ndi atatu. Samhain, Imbolc, Beltane ndi Lughnasadh anachokera ku Ireland ndi Scotland. Kuwaphatikiza ndi masiku a dzuwa kunachitika m'zaka za m'ma 1950 pakati pa anthu a Gardner ndi a Ross Nichols, amene mu 1964 anayambitsa gulu la a Druid lotchedwa Order of Bards, Ovates and Druids. Dzina la Mabon pa holideyi linaperekedwa ndi Aidan Kelly m'ma 1970. Ambiri amachitanso mwambo mwezi ukakhala wathunthu, zomwe zimachitika pakatha masiku pafupifupi 29 ndi theka, maulendo 12 kapena 13 pa chaka.

Kodi amapembedza Satana? — Bambo L.

Ayi. Satana ndi wa m'chiphunzitso cha Chikhristu ndi Chisilamu, ndipo sapezeka pakati pa milungu imene Apagani amaitana. Chimene chimasokoneza anthu ndi mulungu wa nyanga wa a Wicca, amene amamugwirizanitsa ndi Cernunnos wa Aselote ndi Pan wa Agiriki, milungu ya nkhalango ndi nyama. Lamulo lalikulu la a Wicca limati munthu achite chimene afuna bola asapweteke wina. Ku Iceland boma linavomereza chipembedzo cha a Heathen mu 1973, ndipo ku America nyenyezi ya nsonga zisanu inaloledwa pa ziliza za asilikali mu 2007.

Nsembe zimene amaika paguwa zimathera kuti? Amadya, amataya, kapena zimangowola pomwepo? — Mayi E.S.

Zimatengera mulungu amene wapatsidwa. Otsata milungu ya ku Iguputo amaika buledi, madzi kapena mowa, kudikira kanthawi, kenako n'kudya okha, chifukwa amati mulungu watenga mbali yake yosaoneka ndipo chotsalacho chabwerera kwa munthu chodalitsika. Otsata Agiriki sadya chimene apereka kwa milungu ya pansi pa nthaka ndi kwa akufa. Chakudya cha mulungu wamkazi Hekate, chimene amapereka mwezi uli mumdima, amachisiya pa mphambano n'kuchoka osacheuka. A Heathen amathira mowa wa uchi m'mbale n'kukaukhuthulira pansi panja.

M'nyumba, madzi asinthidwe tsiku lililonse ndipo kambale katsukidwe. Mkaka usagone, umasasa. Uchi ndi zotsekemera zimaitana nyerere, choncho zichotsedwe mwambo ukangotha kapena pasanathe tsiku. Guwa la nkhungu ndi ntchentche, kunena mosabisa, silisonyeza ulemu kwa aliyense.

Panja m'pamene ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino. Madzi a mchere otsala pa mwambo asathiridwe pa udzu kapena patsinde pa mtengo, chifukwa mchere umakoka madzi m'mizu ndipo umakhalitsa m'dothi. Malo ake ndi m'sinki. Chokoleti, mphesa, mphesa zouma ndi anyezi zimadwalitsa agalu, ena mpaka kufa. Mkaka umatsekula m'mimba akanungu, amene ku Britain amayendayenda m'minda ya maluwa usiku. Pa akasupe opatulika a ku Scotland, Ireland ndi Cornwall pali mwambo womanga kansanza pa nthambi, ndi chikhulupiriro chakuti kansanzako kakamawola matenda nawonso amachoka. Nsalu ya nayiloni siwola, imangomanga nthambi ikamakula mpaka kuipha, moti imaononga mtengo ndi tanthauzo la mwambo womwe. Ngati mukumanga, ikhale ya thonje kapena ubweya, yopyapyala, ndi yomangidwa molefuka. Pa miyala yoimikidwa ndi anthu akale ngati ya ku Avebury, ku England, musayatse kandulo kapena moto pamwala, chifukwa phula ndi mwaye zimapha ndere zomera pamenepo, ndipo kutentha kungang'ambe mwalawo. Tizitini ta makandulo, mabotolo ndi timapepala mubwerere nazo m'chikwama. Nsembe yosavuta panja ndi madzi oyera okwana kapu imodzi, kapena mbewu za mbalame zodzaza dzanja, zomwazidwa motalikirana kuti zisaunjikane pamodzi n'kuitana makoswe.