Pedulo ikulowabe pansi mutabulida katatu? Yambani mwaona pomwe pali nipo

Achimwene, mwanena kuti mwasintha makalipa (zitsulo zija zofinya mapadi pa disiki ya mabuleki) onse awiri akutsogolo, mwabulida (kutulutsa mpweya m'mabuleki) katatu konse, koma pedulo ya mabuleki ikadali yofewa ndipo ikumalowa mpaka pansi, ndiye mukufunsa ngati master cylinder, pampu yomwe pedulo imakankha, yatha. Musathamangire kugula master. Komanso chonde galimotoyo isatuluke pamsewu pedulo isanalimbe, ngakhale mtunda utakhala waufupi bwanji.

Chotsani tayala muyang'ane kalipa. Nipo, kabauti kamphako kotulutsira mpweya kaja, ili kumwamba kapena kumunsi? Pagalimoto zambiri kalipa ya kumanja ndi ya kumanzere zimafanana kwambiri, moti mukazisinthanitsa zimalowa bwinobwino, mabauti n'kumangika popanda vuto. Chimasintha ndi chimodzi chokha: nipo imapezeka kumunsi. Tsono mpweya umakwera pamwamba pa fuluwidi, mafuta a mabuleki aja, monga mmene thovu limakwerera m'botolo lamadzi. Umakakhala kudenga kwa kalipa, inu mukutsegula pansi. Fuluwidi azituluka woyera wopanda thovu, mpweya uli phee m'katimo. Zinandichitikirapo ine. Ndinamaliza botolo lathunthu la fuluwidi, mwendo wa mnzanga wopopa utachita kulema, mpaka mkulu wina wodziwa ntchito anawerama n'kungoloza nipo ndi chala. Titabweza makalipa m'malo mwake, pedulo inalimba titangobulida kamodzi. Popeza mwasintha onse awiri tsiku limodzi, ine ndikukayikira kwambiri pamenepa.

Ngati nipo zili kumwamba, ndiye tione kabulididwe kake, chifukwa ambiri amatulutsa mpweya uku akuubwezeranso. Ikani galimoto pa masitandi, osadalira jeke yokha. Pezani kapaipi koonekera mkati kothina bwino pa nipo, mbali inayo muiviike m'botolo momwe mwathiramo fuluwidi pang'ono. Sipanala ikhale ya ring'i, nthawi zambiri imakhala 8, 10 kapena 11 mm. Yapakamwa ija imadya makona, ndipo nipo sichedwa kuthyoka chifukwa ndi yamphako. Ikakhala yadzimbiri ithireni mafuta omasulira mabauti, dikirani, musailimbane ndi mphamvu.

Mukhale awiri. Wamkati apope pang'onopang'ono katatu kapena kanayi, kenaka apondereze osasiya, anene kuti "ndagwira". Inu masulani nipo pang'ono chabe, ngati kota ya kuzungulira kumodzi. Pedulo itsika, fuluwidi adutsa m'kapaipi, ndipo timathovu muzitiona ndi maso tikuyenda mondondozana. Mangani nipo pedulo ikadali pansi, ndipo mukamanga m'pamene muuze mnzanuyo kuti "siyani". Apa ndi pamene anthu amalakwitsa. Akachotsa phazi nipo ili yotsegula, master imakoka mpweya kubwerera mu kalipa, ntchito yonse n'kubwerera pomwe munayambira. Muzilankhulana mokweza, wina asachite kuganizira mnzake. Bwerezani mpaka fuluwidi azituluka wopanda kathovu ngakhale kamodzi. Kugogoda kalipa pang'ono ndi chigwiriro cha sipanala kumathandiza kuti thovu lomatirira m'makona likwere.

Kathanki ka fuluwidi kaja muzikasuzumira mukabulida kanayi kapena kasanu, kasatsike kupitirira mzere wa MIN. Kakauma, mpweya umalowa mu master momwemo ndipo mumayambiranso mawilo onse. Ndikufunseni: pamene munamasula mapaipi posintha makalipa, kathankiko sikanathere pansi? Ngati kanauma, kubulida kutsogolo kokha sikukwanira. Bulidani mawilo onse anayi. Kawirikawiri timayamba ndi wilo lomwe lili kutali kwambiri ndi master n'kumayandikira, koma pali galimoto zina zomwe zili ndi ndondomeko yakeyake, choncho onani buku la galimoto yanu. Ngati ili ndi ABS (chipangizo choletsa mawilo kuloka pogwira mabuleki) ndipo mpweya unafika m'pampu yake, galimoto zina zimafuna makina a kompyuta otsegula mavavu a ABS kuti mpweyawo utuluke. Pamenepo phazi lokha silingathe.

China chomwe ndimalimbikira pagalimoto yakale: ikani kathabwa pansi pa pedulo kuti isamafike pansi penipeni. Masiku onse pisitoni ya mu master imayenda kamtunda kochepa, ndipo kutsogolo komwe sifikako kumakhala dzimbiri ndi litsiro. Mukaipondereza mpaka kumapeto, marabala ake amadutsa pokhakhala paja n'kung'ambika. Master yomwe inali yabwino m'mawa imatha kuwonongeka madzulo chifukwa cha kubulida komweko.

Kuti mudziwe ngati master yathadi, yesani chonchi injini ili yozima. Popani kangapo. Pedulo ikamakwera n'kulimba mukamapopa, koma n'kufewanso mukaisiya kanthawi, kawirikawiri umakhala mpweya, chifukwa mpweya umafinyika pomwe fuluwidi safinyika. Koma mukapondereza mosalekeza pedulo n'kumatsika yokha pang'onopang'ono, ndiye kuti penapake pakudontha, kapena marabala a mu master akudutsitsa fuluwidi mkati momwemo. Musanaiweruze master, gwirani ndi chala pomwe paipi yalowa mu kalipa. Ngati ndi ya bauti ya banjo (bauti yamphako yodutsa pamutu wozungulira wa paipi), pamakhala mawashala awiri akopa, ndipo amayenera kukhala atsopano. Akale aja amakonda kunyowetsa pang'onopang'ono osaoneka msanga.

Za fuluwidi, thirani amene walembedwa pachivundikiro cha kathanki. DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1 ndi a mtundu umodzi wa glycol, pomwe DOT 5 ndi wa silicone ndipo sasakanizidwa ndi enawo, ngakhale manambala akuoneka oyandikana. Botolo likhale losatsegula, chifukwa fuluwidi wa glycol amayamwa chinyontho cha mumpweya. DOT 4 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230 Celsius, koma akamwa madzi muyezo wake umatsika kufika pa 155, ndipo pamtsetse wautali mabuleki akatentha amatha kuwira, pedulo n'kungolowa. N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati azisinthidwa pakatha zaka ziwiri. Amene watuluka m'kapaipi musamubwezere m'kathanki. Akadonthera pa penti tsukani ndi madzi nthawi yomweyo chifukwa amasupula, ndipo asakhudze mapadi kapena disiki.

Mukamaliza mangani nipo mosapyola muyezo, bwezerani kachipewa kake ka rabala, dzazani mpaka pa MAX, ndipo popani pedulo ilimbe musanasunthe galimoto. Kayeseni pamalo opanda anthu, pa liwiro la munthu woyenda pansi, kenaka muyang'anenso ngati pali ponyowa. Jambulani kalipa imodzi tayala litachotsedwa muike pano, tione pomwe nipo yaloza.