Akuti mwana wanga ndi mfiti: tisamuke kapena tikhale chete?

Mayi wina wa ku Area 25 wanditumizira imelo. Mwana wa aneba awo atadwala, anayamba kunena kuti mwana wamkazi wa mayiyu, wa zaka 9, amamutenga usiku kupita naye kumanda. Pano ana onse a pamalopo aletsedwa kusewera naye. Akufunsa ngati asamuke kapena angokhala chete mpaka nkhani izizire.

Amayi, nkhani yotereyi sizizira yokha. Ine ndinakulira ku Kawale, ndipo m'nyumba mwathu munali msuweni wanga wamasiye amene ankayenda ali m'tulo. Tsiku lina m'mbandakucha anapezeka atakhala pakhonde la aneba, atavala kabudula yekha, akunjenjemera ndi chisanu cha mu June. Dzuwa lisanatuluke, nkhani inali itafika kale pakiyosiki ya madzi: wagwa pa ndege ya ufiti.

Mayi anga ankagulitsa mandasi pamsewu. Beseni linayamba kubwerera lodzaza, tikumadya mandasi ozizira m'malo mwa nsima. Tikapita kukatunga madzi, azimayi ankasuntha zidebe zawo kuti zisagundane ndi zathu. Kusukulu mnyamatayo ankakhala yekha pakona, mpaka analekera mu Sitandade 6. Lero ndi bambo wa ana ake, koma mwana wa aneba sangalandire ngakhale nthochi pakhomo pake. Akuti mwanayo akadzamva m'mimba usiku, adzaloza ndani? Amene anayambitsa nkhaniyo ena anamwalira, ena anaiwala kalekale. Iye ndiye akuisenzabe.

Ndiye musandiuze kuti ndi zibwana za ana. Mwana wotentha thupi akalota zoopsa, ndi akuluakulu amene amamuzungulira ndi mafunso: anakutenga ndani, ndi uja eti, tchula usaope. Mwanayo amatchula dzina limene akuona kuti akuluakulu akulifuna. Kenako pamabwera aneneri ena amene amaimika mwana kutsogolo kwa mpingo kuti "aulule", foni zikujambula. Amenewo ndiye amandinyansa kwambiri, chifukwa vidiyoyo idzakhala ikuyendabe mwanayo akadzafuna banja kapena ntchito.

Ndipo timadziwa kumene mphekesera zimatifikitsa. Mu 2016 ku Neno anthu okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti mtsikana wina atamwalira ndi mphenzi. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inapha anthu ku Mulanje ndi madera oyandikana nawo, koma mpaka lero palibe amene anaonetsa dontho la magazi opopedwawo. Kale miseche inkathera pamtondo. Pano uthenga umodzi wa mawu pa WhatsApp ukachoka ku Area 25 m'mawa, masana umakhala utafika kwa azakhali ku Johannesburg, atawonjezerapo zawo.

Nanga mutani?

Lamulo la Witchcraft Act la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limati kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Pitani ku Victim Support Unit, ofesi ya polisi yothandiza anthu ozunzidwa, kwanuko ndi ku Kanengo, mutasunga mauthenga onse amene akuzungulira. Nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani zokhudza ana. Kaonaneni ndi mphunzitsi wamkulu mwana asanayambe kuthawa sukulu, komanso mfumu ya m'dera lanu iitane aneba aja mukambirane pamaso pake. Musamutengere mwanayo kwa sing'anga kapena mneneri kuti mukatsimikize kuti alibe ufiti. Anthu adzangoti mwavomera. Kusamuka sungani ngati ayamba kukuopsezani kapena kugenda nyumba, pamenepo musadikire.

Koma usiku uno, mwanayo asanagone, mukhale naye pansi mumuuze mosapita m'mbali kuti iye si mfiti, ndipo inu ndi bambo ake simukukayika ngakhale pang'ono. Wa aneba uja apite kuchipatala akamuyeze malungo.